Katemera wa chitopa wa I-2 wodontheza m'maso uja, ndampatsa nyenyezi 4 pa 5

Anzanga oweta nkhuku, ambiri mwakhala mukufunsa ngati katemera wa I-2 amagwiradi ntchito pa anapiye kapena ndi zongotidyera ndalama. Yankho langa ndi loti amagwira, ndipo ine sindingawetenso nkhuku popanda katemera ameneyu, koma pali zinthu zingapo zimene ogulitsa ambiri sakuuzani ndipo ndi zomwezo zimene zimapangitsa anthu ena kumanena kuti anatemera koma nkhuku zinafabe.

Ine ndili cha ku Mitundu, ndimaweta za lokolo ndi za Mikolongwe pang'ono, zonse zoyenda zokha masana n'kumalowa mkhola madzulo. Kuno chitopa chimavuta kwambiri nyengo yotentha, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itayamba, ndipo amene munachionapo mukudziwa mmene chimakhalira. Nkhuku imangoima pamalo amodzi mapiko ali pansi ngati yavala jekete, maso otseka, zitosi zobiriwira zamadzimadzi, ina ikupuma mobanika pakamwa pali yasa, ina khosi lapindika mutu ukuyang'ana kumwamba ikungozungulira. Zikuluzikulu zina zimalimbako masiku angapo koma anapiye ndiye sachedwa, mmawa mumangokawatola mkhola. Ndi kachilombo ka vayirasi, ndiye palibe mankhwala ochiza. Alovera, tsabola wa kambuzi, phulusa, makapisozi a anthu otsegulira m'madzi aja, zonsezo anthu timachita chifukwa chosowa pogwira koma chitopa chenicheni chikalowa sizithandiza.

Katemerayu amapangidwa konkuno ku Malawi ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, koma mbewu yake inachokera ku Australia, ku University of Queensland, ndipo anaupanga dala poganizira nkhuku zakumudzi komwe kulibe magetsi. N'chifukwa chake amapirira kutentha kuposa akatemera ena. Amabwera ali wamadzi kale m'kabotolo kakang'ono ka pulasitiki kokhala ndi kamlomo kodonthezera, simusungunula chilichonse, simufuna jakisoni, mumangotsegula n'kuyamba ntchito. Dontho limodzi m'diso limodzi basi, kaya ndi tambala wamkulu kaya ndi kamwanapiye kongoswa dzulo mlingo wake ndi womwewo. Apa ndi pamene ndinaukondera kwambiri, chifukwa ndinkaopa kuti tianapiye tating'ono tingafooke nawo kapena kuchita khungu, koma ayi ndithu, mukakadontheza kamangophethira, kamameza pang'ono, mukakaika pansi kathamangira kwa make n'kuyamba kujompha ngati palibe chachitika. Sindinaonepo kamwanapiye kodwala chifukwa cha dontholo, ndipo nkhuku yolandira katemerayu mutha kuipha n'kudya, mazira akenso ali bwinobwino.

Mmene timachitira kwathu, nkhuku sitizitsegulira mmawa wa tsikulo. Timayamba kusanatenthe, pamthunzi, wina amagwira wina amadontheza. Kamwanapiye mumakagwira m'dzanja limodzi mutu wake uli chammbali diso likuyang'ana kumwamba, botolo mumaliimika chilili mlomo pansi, osalipendeketsa, chifukwa mukapendeketsa dontho limatuluka losakwana kapena limakagwera pa nthenga. Mlomo wa botolo usakhudze diso. Ndiye mudikire kaye dontho lilowe musanakasiye, mukafulumira kamapukusa mutu dontho lonse n'kuuluka, ndipo zikatero ingodonthezaninso lina, kuwonjeza sikupha. Tomwe talandira timatiika mu dengu lina kuti tisasokonezeke ndi tinzake chifukwa anapiye a nkhuku imodzi amafanana moti simungawasiyanitse. Chovuta ndi make, thadzi loyenda ndi anapiye ndi lolusa zedi, muyambe kuligwira ilo n'kulidontheza kenako mulivundikire, apo ayi likujompani manja mpaka magazi.

Tsopano nkhani imene ndikufuna kuti muimve bwino ndi ya nthawi. Malangizo ndi oti katemerayu aziperekedwa miyezi 4 iliyonse, katatu pachaka, ndipo kuno alangizi amatikumbutsa Malichi, Julayi ndi Novembala. Izo n'zabwino kwa nkhuku zikuluzikulu. Koma nkhuku zakumudzi siziswa potsata kalendala. Thadzi litha kuswa sabata imodzi kapena ziwiri katemera wa Julayi atadutsa, ndiye anapiye amenewo akadikire mpaka Novembala? Imeneyo ndi nthawi yeniyeni imene chitopa chimakhala chikuyenda m'midzi. Zoona, kamwanapiye kobadwa kwa thadzi lotemeredwa kamatengako chitetezo pang'ono kudzera m'dzira, koma chimatha pakangopita masabata ochepa, ndipo kuyambira pamenepo kamakhala pambalambanda. Anthu ambiri odandaula kuti katemera sanagwire ukawafunsa bwinobwino upeza kuti zomwe zinafa ndi anapiye ndi misoti zomwe zinabadwa pakatipa, zomwe sizinalandirepo dontho ngakhale limodzi, pomwe amayi awo anatsala ali moyo. Ine ndimati anapiye akaswa ndimafunsa pagulu lathu ngati pali wina amene akutsegula botolo sabata imeneyo, kapena ndimagula langa n'kuitana anzanga amene ali ndi anapiye kuti tigawane, sindidikira kampeni ya katemera ya miyezi itatu ija.

Umboni wanga ndi wa chaka chatha mu Okutobala. Chitopa chinalowa m'mudzi mwathu kudzera mu tambala amene wina anagula pamsika motchipa, ndipo mukudziwa kale kuti nkhuku ikatchipa modabwitsa nyengo imeneyi ndiye kuti mwini wake akuthawa nayo matenda. Makomo oyandikana nafe amene sanatemere makola anatsala pululu. Nkhuku zathu zimadyera limodzi ndi zawozo kudzala ndi kuseri kwa bafa, panalibe zozipatula, koma zanga zotemera zinapulumuka pamodzi ndi anapiye ake. Ziwiri kapena zitatu zinazizidwa masiku pang'ono kenako n'kuyambiranso kudya. Tomwe tinafa ndi tianapiye ta thadzi lina limene linakaswera kutchire n'kubwera nato matenda atafika kale, tinatidontheza inde koma nthawi inali itatha. Katemerayu amafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti thupi lipange chitetezo, ndiye ngati nkhuku yatenga kale kachilombo dontho silingaibweze. Nkhuku yodwala musavutike n'kuidontheza, mukungotaya katemera, komanso manja anu omwewo akapatsira zinzake.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ndi pa zifukwa izi. Choyamba botolo ndi lalikulu kwa munthu wa nkhuku zochepa. Limakwana nkhuku mazana, pomwe ambirife pakhomo tili ndi 15 kapena 20, ndipo mukalitsegula liyenera kutha m'masiku awiri kapena atatu, simungalisunge kudikira anapiye a mwezi wamawa. Ngati mulibe anzanu ogawana nawo wotsalayo mumangotaya, zimapweteka mtima. Akanapanga timabotolo ta nkhuku 50 akanatithandiza kwambiri ife ofuna kutemera anapiye pakati pa makampeni. Pakadali pano njira yake ndi kusonkherana basi, kapena kuitana otemera a m'mudzi aja amene amayenda khomo ndi khomo n'kumalipiritsa pa nkhuku iliyonse, ndalama yake ndi yochepa, dzira limodzi litha kulipirira nkhuku yoposa imodzi.

Chachiwiri ndi kasungidwe m'mashopu. Mawu oti amapirira kutentha ena anawamva ngati akutanthauza kuti sawonongeka. Amawonongeka. Malo ake ndi mu fuliji, pakati pozizira bwino, osati mu fuliza mouma chifukwa akaundana watha ntchito. Shopu ina m'tauni mtsikana wogulitsa ananditengera botolo mu fuliji yoti magetsi anali atazima kuyambira usiku, nditaligwira linali lofunda, chizindikiro cha papepala chitafufutika moti deti yothera ntchito sinkawerengeka, ndipo atafunsidwa anangoti ali bho bambo tengani. Ndinalisiya. Vuto lake katemera wakufa ndi wamoyo amaoneka chimodzimodzi, simungadziwe ndi maso mpaka nkhuku zitayamba kugwa. Ndiye pogula muzilikhudza botolo, muziwerenga deti, muzifunsa ngati ali ndi sola kapena jenereta, ndipo ngati akuyankhani mozemba pitani kwina kapena mudzere kwa alangizi a ziweto a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu. Ponyamula ine ndilibe kula bokosi, bokosi losunga zinthu zozizira lija, ndimakulunga botolo mu kansalu ka thonje konyowa n'kuika mu kadengu koboola kuti mphepo izidutsa, pa njinga limafika lili lozizira bwino. Osaika m'thumba la thalauza, osaika mu jumbo yomanga, ndipo pa minibasi osakhala nalo pafupi ndi injini kapena pawindo padzuwa.

Chinanso, nthawi zina amasowa, makamaka ikayandikira miyezi imene aliyense akumufuna, ndiye ndi bwino kuyamba kufunsa mwezi usanakwane.

Ena amafunsa kuti bwanji osangogula LaSota, katemera wina wa chitopa wothira m'madzi akumwa. LaSota ndi wabwinonso, ndinagwiritsapo ntchito nthawi imene ndinkasunga mabuloila, koma ndi wa anthu a nkhuku zambiri zotsekeredwa. Nthawi zambiri amabwera wa nkhuku 1000, amafuna kuzizira kosadukiza kuchokera kushopu mpaka pakhola, muyenera kuzimana madzi kaye nkhukuzo kuti zimve ludzu, madzi ake asakhale a kumpopi a klorini, ndipo zimwe zimalize m'maola awiri. Nkhuku zakumudzi zimene zimamwa paliponse, pamjigo, kuseri kwa bafa, simungadziwe kuti yamwa ndi iti, yasala ndi iti, ndipo anapiye amapondedwa ndi zikuluzikulu pachomwera. Ndi dontho la m'diso mumadziwa kuti iyi yalandira chifukwa mwaigwira nokha ndi manja anu. Kwa ine kusiyana kwake ndi kumeneko.

Musaiwale kuti I-2 ndi wa chitopa chokha. Sateteza gumboro, matenda ena ogwira anapiye, sateteza nthomba ya nkhuku ija imatulutsa zilonda pa lipombo ndi m'maso, sapha njoka za m'mimba kapena utitiri, ndipo mphamba ndi akhwangwala sadziwa zoti kamwanapiye kanatemeredwa. Ndanena izi chifukwa mayi wina anadzandidandaulira kuti anapiye ake akufabe atadontheza, titapita kukaona tinapeza timaso tonse tadzaza utitiri, mkhola monyowa, tikugona pansi pozizira mu Juni. Amene mukusunga mabuloila kapena zoikira mazira za haibulidi tsatirani ndondomeko imene akupatsani kogula anapiyeko, gumboro ali ndi katemera wake payekha ndipo masiku ake ndi ena.

Nkhuku yatsopano, kaya mwagula kaya ndi mphatso yochokera kwa apongozi, ndimaitsekera payokha masabata awiri, ndikaona kuti ili bwino ndimaidontheza kaye isanasakanikirane ndi zinzake. Zakufa timakwirira mozama kapena kuwotcha, nthenga ndi matumbo osataya kudzala chifukwa agalu amazikoka n'kukazisiya pakhomo pa wina.

Ndigulanso? Eya, botolo la Novembala talembetsa kale ndi anzanga a m'mudzi muno, ndipo amene muli chakuno muli ndi anapiye ongoswa kumene tiuzane msanga tidzagawane tsiku limene tidzatsegule.