Kodi source code tiisunge kuti: GitHub, Zenodo, Software Heritage kapena mgodi wa ku Svalbard?

Source code, yomwe ndi malangizo amene munthu amalemba ndi kuwerenga asanasanduke pulogalamu yoyenda pakompyuta, imasunga nzeru ndi zolinga za oilemba, ndipo kafukufuku wambiri wa sayansi sangatsimikizidwenso ngati iyo yatayika. Pali malo anayi amene anthu amawadalira poisunga, koma ntchito zawo n'zosiyana kwambiri, ndipo kuwasokoneza ndiko kumatayitsa zinthu zamtengo wapatali.

Ambiri amaganiza kuti akaika ntchito yawo pa GitHub kapena GitLab ndiye kuti aisunga. Malo amenewa ndi abwino pogwirira ntchito limodzi, chifukwa amasonyeza amene anasintha mzere uliwonse komanso zimene anthu anakambirana, koma ndi a makampani, ndipo kampani imasintha maganizo malinga ndi malonda. Malo ena a mtundu womwewu anakumana nazo kale: Gitorious inatsekedwa mu 2015 itagulidwa ndi GitLab, Google Code inatsekedwa mu 2016, ndipo Bitbucket inachotsa ntchito zonse zosungidwa mu Mercurial (pulogalamu yolondolera kusinthidwa kwa source code) mu 2020. GitHub nayo inagulidwa ndi Microsoft mu 2018. Ngakhale kampaniyo itapanda kusintha kanthu, mwini pulojekiti akhoza kuifufuta tsiku lililonse, ndipo maulalo onse oloza kumeneko amafa nthawi yomweyo.

Zenodo, yomwe inayamba mu 2013 ndipo imayendetsedwa ndi CERN (bungwe la kafukufuku wa sayansi la ku Ulaya), inapangidwira ochita kafukufuku. Munthu akailumikiza ndi GitHub, nthawi iliyonse imene watulutsa release (version yatsopano ya pulogalamuyo), Zenodo imasunga mafayilowo ndi kuwapatsa DOI, nambala yokhazikika yolozera ku cholembedwa yomwe magazini a sayansi amaidziwa kale. Wofuna kuti pulogalamu yake izitchulidwa m'mapepala a kafukufuku apeza kuti njirayi ndi yapafupi. Kuchepa kwake n'kwakuti imangosunga zimene wina wasankha kutumiza, ndiponso imasunga chithunzi cha tsiku limodzi, osati mbiri yonse ya mmene ntchitoyo inakulira.

Software Heritage ndiyo ndimaiona kuti ikuyankha vutoli pa muzu pake. Bungwe la kafukufuku la ku France la Inria linaiyambitsa poyera mu 2016, motsogozedwa ndi Roberto Di Cosmo ndi Stefano Zacchiroli, ndipo mu 2017 linasainirana mgwirizano ndi UNESCO. Nkhokwe imeneyi sidikira kuti anthu aitumizire zinthu: imayendera yokha GitHub, GitLab, nkhokwe za mapulogalamu monga Debian ndi PyPI, komanso malo ena ambiri, n'kumatolera source code yopezeka poyera pamodzi ndi mbiri ya kusinthidwa kwake. Inapulumutsa ntchito zambiri za ku Google Code, Gitorious ndi Bitbucket zisanazimiririke. Fayilo iliyonse, chikwatu chilichonse ndi commit iliyonse (kusintha kulikonse kolembedwa mu mbiri ya pulojekiti) zimalandira chizindikiro chotchedwa SWHID, chomwe chimawerengeredwa kuchokera pa zimene zili mkatimo, kotero kuti chilembo chimodzi chikasintha, chizindikirocho chimasinthanso. Apa ndi pamene imasiyana kwambiri ndi DOI, popeza DOI imadalira kaundula wosamalidwa ndi mabungwe, pomwe SWHID aliyense amene ali ndi fayiloyo akhoza kuitsimikizira yekha pakompyuta yake. Fayilo yomwe yakopedwa m'mapulojekiti ambirimbiri imasungidwa kamodzi kokha, ndipo amene akuopa kuti ntchito yake sinafikidwe akhoza kupempha kuti isungidwe kudzera mu Save Code Now, kwaulere. Komabe, nkhokweyi si malo ogwirira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo mapulogalamu amene makampani amawabisa siingawafikire.

GitHub Arctic Code Vault ndi ya mtundu wina. Pa 2 February 2020 GitHub inatenga chithunzi cha mapulojekiti apoyera, deta yokwana pafupifupi 21 terabytes, n'kuilemba pa mikombero 186 ya filimu yomwe inakaikidwa mu mgodi wakale wa malasha ku Svalbard, dziko la Norway, ndi cholinga choti ikhale zaka 1,000. Ndi ntchito yolemekezeka, koma palibe wophunzira kapena wofufuza amene angapeko fayilo mawa kudzera pa intaneti, ndipo zonse zolembedwa tsikulo litadutsa mulibemo.

Kwa wolemba mapulogalamu wamba, ndingalangize kuti azigwirira ntchito pa GitHub kapena GitLab, koma atsimikize kuti pulojekitiyo yalowa mu Software Heritage. Wofufuza awonjezerepo Zenodo pamene akusindikiza pepala. Palinso chinthu chimene malo onse anayiwa sangamuchitire munthu. Source code yosungidwa bwino ikhoza kukana kuyenda pakadzatha zaka 20 ngati compiler (pulogalamu yoisandutsa kuti iyende pakompyuta) ndi ma library (zigawo za mapulogalamu zolembedwa kale) amene imadalira sanalembedwe, choncho mwini wake ayenera kuika m'chikwatu chomwecho laisensi yomveka, mndandanda wa zonse zimene pulogalamuyo imadalira pamodzi ndi manambala a version yake, komanso malangizo a mmene imamangidwira.