Miyezi 14 chiviikireni zida za Polo yanga m'madzi

Mu Ogasiti chaka chatha ndidachotsa zivundikiro za magalasi a m'mbali, pulasitiki yozungulira wailesi pa dashibodi ndi mawilikapu anayi a galimoto yanga ya Polo, n'kupita nazo kwa mnyamata wina wa hydro dipping (kukongoletsa zinthu poziviika m'madzi momwe mukuyandama inki) kuno ku Johannesburg. Ndinkafuna zioneke ngati carbon fibre, ija yakuda ya timizere tolukanalukana.

Ndidaima pambali pa thanki n'kumaonerera. Chinthucho amayamba wachipala ndi sandipepa n'kuchipaka penti yapansi. Kenako amayala kapepala kopyapyala ka PVA (pulasitiki yosungunuka m'madzi), kokhala ndi mizere yakeyo ya inki, pamwamba pa madzi ofunda pafupifupi madigiri 30, n'kudikira ngati mphindi imodzi kuti kafewe. Akapopera mankhwala otchedwa activator, inki imasungunuka koma ikuyandamabe, ndiye amalowetsa chinthucho mopendeketsa, pang'onopang'ono, madzi n'kukanikiza inkiyo m'makona monse. Akatsuka zonanda ndi kuumitsa, amamaliza ndi clear coat, penti yoonekera mkati yoteteza pamwamba.

Zivundikiro za magalasi zandisangalatsa kwambiri. Galimotoyi imagona panja, dzuwa limaiwomba tsiku lonse, matalala adaigwera kawiri, koma ndikapukuta ndi kansalu konyowa zimawala ngati ndazitenga dzulo. Sizidasuluke ngakhale pang'ono. Pamenepa adapopera clear coat ya 2K, ija amasakaniza ndi hardener (mankhwala olimbitsa penti), ndipo ukagogoda ndi chikhadabo umamva kuti ndi yolimba.

Pa dashibodi palinso bwino. Pakona imodzi mizere idatamuka poviika, ndipo ndimaiona nthawi zonse ndikamasintha giya, ngakhale okwera saizindikira.

Mawilikapu ndi amene andipweteka mtima. Pa mwezi wachisanu ndidaona timatuza m'mphepete mwa la kutsogolo kumanzere. Nditapita kotsukitsa galimoto, madzi a mphamvu aja adalowa pansi pake, penti n'kukanganuka ngati khungu la mbatata yophika, kusiya pulasitiki yotuwa. Enawo adatsatira m'mbuyo mwake: fumbi la mabuleki lidalowerera osachokanso, timiyala ta mumsewu n'kumasiya timabowo. Nditabwerera kwa mnyamata uja sadabise. Adati 2K idamuthera tsikulo, adagwiritsa ntchito clear coat wamba ya m'kachitini, komanso sadapake primer ya pulasitiki imene imathandiza penti kugwira. Kapepala kanali kamodzimodzi, madzi omwewo, dzanja lomwelo. Chidasiyana ndi zimene zidapakidwa pansi ndi pamwamba pake basi, ndipo inki yokhayo ndi yopyapyala zedi moti singadziteteze.

N'chifukwa chake mnzanga wina atandifunsa za marimu ake, ndidamuuza kuti asayambe ndi kusankha maonekedwe. Ayambe wafunsa primer ndi clear coat imene apake, aone zitini zake ndi maso, ndipo akatenga galimoto adikire masiku angapo asanaitsukitse.

Mawilikapu aja ndidawachotsa mu Juni, ali m'katoni. Mwezi wamawa ndikawapalitsanso mpaka pa pulasitiki, ndipo 2K yake ndagula ndekha.