Ndemanga: kabokosi ka zida zoyezera masitampa, ndakayesa pa masitampa akale a ku Ireland

Kabokosika kamabwera ndi zida zisanu: chopanira chachitsulo, galasi lokulitsa kakhumi, choyezera mano a sitampa chapulasitiki, kambale kakuda ndi kabotolo ka mankhwala oonetsa watermark, chizindikiro chobisika m'pepala la sitampa. Ndakayesa pa masitampa atatu a mu 1929 a Daniel O'Connell, mtsogoleri yemwe anamenyera ufulu wa Akatolika, omwe ndi oyamba achikumbutso ku Ireland. Anatuluka pokumbukira zaka 100 za ufulu wa Akatolika, ndipo alipo a 2d (d akuimira peni) obiriwira motuwirako, a 3d abuluu ndi a 9d apepo.

Choyezera mano n'chabwino ndithu. Mano amawerengedwa pa mtunda wa masentimita awiri, kuyambira mbali ya pamwamba kenako ya m'mbali. Masitampa a O'Connell ayenera kupereka 15 x 14, ndipo atatu onse anapereka zomwezo. Goneka sitampa pa mizere n'kuitsetsereza pang'onopang'ono mpaka dzino lililonse litakhala pamzere wake. Musanayambe kuchikhulupirira, chiyerekezeni ndi rula yachitsulo, chifukwa pulasitiki ikakhalitsa padzuwa imapindika, ndiye 14 amayamba kuoneka ngati 14 ndi theka.

Pa kambale ndi mankhwala m'pamene ndalama yanu imabwerera. Ikani sitampa chafufumimba, dontheza madontho awiri kapena atatu, ndipo chizindikiro cha m'pepala chimatulukira chakuda kwa kanthawi kochepa mankhwala asanauluke. Masitampa ambiri a ku Ireland a zaka za m'ma 1920 ndi 1930 ali ndi zilembo s ndi e zolukana, kuimira Saorstát Éireann, dzina la dzikolo pa nthawiyo. Kuyambira mu 1940 anayamba kugwiritsa ntchito e yekha, kuimira Éire, dzina la Ireland m'chilankhulo chawo. Choncho sitampa ya 1929, kapena ya Shannon Scheme (ntchito yopanga magetsi pa mtsinje wa Shannon) ya 1930, kapena ya wosewera hurling (masewera a ndodo ndi mpira) ya bungwe la masewera la GAA ya 1934, iyenera kuonetsa se. Ambiri amasokonezeka apa: poyang'ana kumbuyo zilembo zimaoneka zotembenuka ngati pakalilole, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Chimene osonkhanitsa amalipirira ndalama zoonjezera ndi chizindikiro chozondoka mutu pansi poyerekeza ndi chithunzi cha kutsogolo.

Mankhwala omwewa amaulula zimene maso saona. Pamalo pamene pepala linasendeka pochotsa kapepala komatira mu alubamu pamada kuposa pena ponse, ndipo mzere wa pomwe panapindika umaoneka bwinobwino. Guluu wa kumbuyo saonongeka nawo. Madzi ndiwo amamusungunula, choncho sitampa yosagwiritsidwa ntchito isayandikire madzi ngakhale pang'ono. Mankhwalawa amagwira moto msanga ndipo fungo lake ndi lamphamvu, tsegulani zenera. Pa masitampa a zaka za pambuyo pake osindikizidwa mwa njira yogwiritsa ntchito zithunzi yotchedwa photogravure, yesani kaye pa yotsika mtengo, poti inki ina imasungunuka.

Galasi limagwira ntchito yake. Nalo mumaona dzino lothothoka, timadontho tadzimbiri ta chinyezi, komanso guluu wopakidwa kachiwiri: amamata nsonga za mano n'kuziumitsa, pomwe nsonga za sitampa yosakhudzidwa zimakhala ndi timaubweya tofewa ta pepala.

Chopanira ndicho chandikhumudwitsa. Nsonga zake ndi zakuthwa ndipo m'mphepete sanasalaze bwino, moti chikhoza kuboola pepala lakale. Gulani china cha mutu wophwatalala ngati fosholo.

Tsono za mtengo, chifukwa ambiri agula kabokosika poganiza kuti kawauza ndalama. Sikatero, ndipo kapepala ka malangizo sikanenapo chilichonse. Ukale pawokha sukweza mtengo. Sitampa ya 2d inali ya kalata wamba, anasindikiza zambirimbiri, choncho yodindidwa kale imagulidwa ndi timakobiri. Ya 9d ndiyo yodulirapo pa zitatuzi, makamaka yosagwiritsidwa ntchito, ya guluu wathunthu, chithunzi chili pakatikati. Ikakhala pa envulopu yodindidwa tsiku lomwe inatuluka, 22 June 1929, musaimatule ayi, mtengo uli pa envulopu yonseyo. Mufunikabe katalogu ya masitampa a ku Ireland, ndipo kumbukirani kuti mtengo wa m'katalogu ndi wa sitampa yopanda chilema, wogulitsa akamagula kwa inu amapereka wotsika kwambiri. Yerekezani ndi mitengo imene zinagulidwadi pa intaneti, osati imene anthu akungoitanira.

Mukapeza chizindikiro chozondoka kapena china chachilendo, itumizeni kwa akatswiri opereka satifiketi, monga a Royal Philatelic Society London, musanaigulitse.

Ndikupereka nyenyezi zinayi pa zisanu. Imodzi yachoka chifukwa cha chopanira chija.