Kutsuka miluza m'chiberekero kapena IVF: njira iti ikuyenera njati za ku America?

Njati za ku paki ya Yellowstone ku America zimatengedwa kuti n'zamtundu weniweni, koma zambiri zili ndi brucellosis, matenda amene amapoloza ziweto. Za ku Wood Buffalo National Park ku Canada zili ndi matenda omwewa, kuphatikizapo chifuwa chachikulu. Mtundu tikuufuna, matendawo ayi. Mkangano wagona pa njira ziwiri zopezera mluza woti ukaikidwe mwa njati yopanda matenda: kutsuka m'chiberekero ndi IVF, yomwe ndi kukumanitsa dzira ndi umuna m'labotale.

Yakale, yotsuka m'chiberekero, ndi yomwe timaidziwa pa ng'ombe: yaikazi imabayidwa mahomoni kuti ikhwimitse mazira ambiri, imapatsidwa umuna, ndipo pakatha masiku pafupifupi 7 miluza imakokololedwa m'chiberekero ndi madzi. Mluza wotere ndi wolimba, umapirira kuuzizitsa, ndipo chikhungu chake chimayera bwino, tizilombo ta matenda n'kuchoka, ukatsukidwa kangapo. Njirayi inabala mwana ku Bronx Zoo, malo osungirako nyama ku New York, mu 2012, mothandizana ndi Colorado State University.

Chovuta n'chakuti njati si ng'ombe ya pakhomo. Kuti muibaye kapena kuipima muyenera kuilowetsa m'kakhola kachitsulo kothina, momwe imamenyetsa mutu, kuthyola nyanga, wefuwefu, thovu kukamwa. Njira yakaleyi imafuna kuti muigwire kambirimbiri m'masiku ochepa, ndipo mantha otere amasokoneza mahomoni omwe mwagula modula aja. Komanso njati zimakwerana nyengo imodzi yokha, cha mu Julaye mpaka Seputembala.

Apa m'pamene IVF imapambanira. Mazira amayamwidwa ndi singano molondolera ndi makina ounikira m'mimba, amakhwimira m'labotale, n'kukumana ndi umuna wotsukidwa m'kambale. Akhoza kutengedwa ngakhale kunja kwa nyengo yokwerana. Chimene chimandikopa kwambiri n'chakuti yaikaziyo siyenera kukhala yamoyo. Njati za ku Yellowstone zimaphedwa pochepetsa chiwerengero, ndipo mazira a yomwe yaphedwa m'mawa angathe kukhala miluza sabata yamawa. Gulu la Jennifer Barfield ku Colorado lagwiritsa ntchito mwayi umenewu. Ku University of Saskatchewan ku Canada, gulu la Gregg Adams linabadwitsa ana a njati za mtundu wa m'nkhalango (wood bison) kudzera mu IVF mu 2016.

Musakopeke msanga. Mazira ambiri amafera m'kambale asanafike msinkhu woikidwa m'chiberekero, miluza yake ndi yofooka pouzizitsa, ndipo pa ng'ombe zimadziwika kuti tizilombo timakangamira kwambiri pa chikhungu cha mluza wa m'labotale. Labotale yakenso si ya ndalama zamasewera.

Ngati njati zanu n'zozolowera anthu ndipo malo ogwirira ndi abwino, kutsuka m'chiberekero kukupatsani miluza yodalirika. Ngati mukufuna mtundu wa gulu lakutchire lodwala, lomwe simungaligwire kawiri, ine ndingasankhe IVF, n'kuyeza mayi amene mwamuika mluza ndi mwana yemwe akabadwa musanawasakanize ndi zinzake.