Pampu ya chingwe: ndi yabwino pakhomo ndi kudimba la sukulu, koma musaisenzetse sukulu yonse

Pampu ya chingwe, imene amisiri amangoitchula kuti rope pump, tingaiyamikire ndi mtima wonse kwa banja lokhala ndi chitsime chake, kwa makomo ochepa oyandikana, ndiponso kwa sukulu yofuna kuthirira dimba. Koma kwa sukulu ya ana mazanamazana imene ikufuna madzi akumwa, iyayi, pampu yake si imeneyi. Zifukwa zake zili m'kapangidwe kake komweko.

Pamwamba pa chitsime pamakhala gudumu lopangidwa ndi mbali ziwiri za tayala lakale la galimoto, zodulidwa n'kuphatikizidwa kuti pakati pake pakhale mpata wooneka ngati V. Mumpata umenewu mumadutsa chingwe cha pulasitiki chonenepa mamilimita 4 mpaka 6, chimene nsonga zake amazilumikiza kuti chizingozungulira. Pachingwepo amamangirira mawashala a pulasitiki kapena a labala, motalikirana mita imodzi. Mukapukusa chogwirira, chingwe chimatsika chopanda kanthu, chimakhota pa kabokosi kapansi kamene amisiri amati gaidi, n'kukwera kudzera m'paipi ya PVC, washala iliyonse ikukankha madzi amene ali pamwamba pake. Zathera pomwepo. Mulibe mavalavu, mulibe silinda, mulibenso ndodo zachitsulo zolumikizalumikiza ngati za mjigo wa Afridev. Pampu yamtunduwu inafala kwambiri ku Nicaragua m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuno ku Mzuzu yadziwika makamaka kudzera ku SMART Centre, imene inayambira ku Mzuzu University mu 2012 ndipo yakhala ikuphunzitsa owotcherera kupanga mapampu ndi okumba zitsime kuboola pansi ndi manja. Njira ina yoboolera chitsime popanda makina imatchedwa Mzuzu drill, dzina la mzinda uno.

Ogula ambiri amasochera pa paipi. Munthu amaganiza kuti paipi yaikulu ndiye madzi ambiri, n'kuumiriza mmisiri kuti aike ya inchi imodzi pachitsime chilichonse. Chimene amaiwala n'chakuti wopukusa amanyamula madzi onse amene ali m'paipi, kuyambira pamene afika m'chitsime mpaka kumtunda. Paipi ya inchi imodzi imasunga madzi opitirira pang'ono theka la lita pa mita iliyonse, ndiye pa mamita 10 dzanja likukoka makilogalamu pafupifupi 6. Mwana wa Sitandade 5 angathe zimenezo. Paipi yomweyo pa mamita 25 ikhala ndi makilogalamu 15: chingwe chiyamba kuterereka pagudumu, chogwirira chiuma, ndipo pampu itchedwa yoipa pamene yolakwika ndi paipi. Lamulo lake ndi ili: mpaka mamita 10, inchi imodzi, kuchokera pa 10 kufika pa 20, paipi ya magawo atatu mwa anayi a inchi, kuchokera pa 20 kufika pa 35, theka la inchi. Kupyola mamita 35 isiyeni, mufune pampu ina. Ndipo mamita amene tikuwerengawa ndi ochokera kukamwa kwa chitsime kufika pamene madzi amatsikira m'chilimwe, osati pamene ali mu Epulo mvula ya ku Mzuzu ili pachimake. Mmisiri amene wakutchulirani mtengo asanaponye chingwe choyezera m'chitsime mwanu, samalani naye.

Madzi amatuluka ochuluka bwanji? Pa mamita 10, munthu wamkulu wopukusa mosathamanga amatha kupeza malita 35 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, kutanthauza kuti ndowa ya malita 20 imadzaza mphindi isanakwane. Pa mamita 20 yembekezerani ndowa imodzi pa mphindi. Pa mamita 30 ndi pafupifupi theka la ndowa. Kwa banja zimenezi n'zokwanira ndi kutsala, ndipo chitsime chimakhala chovundikira, osati chija choponyamo chidebe chimene chagona pansi pamene nkhuku zapondaponda.

Ubwino wake waukulu, umene umaposa zonse, ndi wakuti palibe chitsulo chake chimene muyenera kudikira kuchokera kunja. Paipi ya PVC, chingwe, mabawuti ndi mapaipi achitsulo opangira miyendo zimapezeka m'mahadiweya a m'tauni, tayala lakale lili paliponse pamene amamata matayala, ndipo kuwotcherera ndi ntchito imene achinyamata ambiri a ku Luwinga ndi Chibavi akuidziwa kale. Chingwe chikaduka, mayi wapakhomo amene anaonetsedwa kamodzi amatha kuchisintha yekha tsiku lomwelo. Yerekezani ndi mjigo wa Afridev, umene ukafa komiti iyambe yasonkhetsa ndalama, kenako aitane makaniko wa m'dera, pamene anthu abwerera kudambo. Sitikunyoza Afridev. Ndi mjigo wolimba, umene mbiri yake inayambira m'dziko lomwe lino ndi ku Kenya m'zaka za m'ma 1980, umakoka madzi mpaka mamita 45, ndipo unapangidwira mudzi wa anthu pafupifupi 250. Kungoti ntchito zawo n'zosiyana.

Mtengo sitiutchula, chifukwa chitsulo ndi simenti zakhala zikukwera kawirikawiri, makamaka kuyambira pamene kwacha inagwa mu Novembala 2023. Pemphani mmisiri kuti akulembereni padera mtengo wa pampu, wa silabu (simenti yowaka mozungulira kukamwa kwa chitsime), ndi wa kuika. Pampu yokha imatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi Afridev.

Tsopano zovuta zake, zimene ogulitsa ena sazitchula.

Kuphweka kwa pampuyi ndi kumene kumaipweteka. Wowotcherera aliyense akaiona amati ndingathe, n'kukopera ndi maso. Pampu yokopera imaoneka bwinobwino tsiku loyamba, koma zolakwika zake zimakhala za mamilimita. Washala iyenera kuchepa ndi theka la milimita kapena milimita imodzi poyerekeza ndi mkati mwa paipi. Ikathina imakakamira, ikachepa kwambiri madzi amabwerera pansi ndipo mumapukusa thukuta lili kamukamu ndowa osadzaza. Mapaipi a PVC ogulitsidwa ndi dzina limodzi sakhala ofanana mkati, choncho mmisiri wodziwa amayesa washala m'paipi yeniyeniyo asanagule. Kukamwa kwa paipi kumunsi kuyenera kufutukulidwa pamoto kuti kukhale ngati belu, apo ayi washala iliyonse imagunda m'mphepete mpaka chingwe kuduka. Polumikiza mapaipi, guluu akatsalira mkati amapanga kaphiri kamene kamadya mawashala. Mpata wa V pagudumu ukakhala wotakasuka, chingwe sichigwira. Zonsezi sizioneka kwa wogula, n'chifukwa chake funso loyamba kwa mmisiri likhale lakuti anaphunzira kuti, ndipo akuonetseni pampu imene anaika chaka chatha kapena zaka ziwiri zapitazo, imene ikugwirabe ntchito. Pitani mukaipukuse nokha.

Chachiwiri ndi chogwirira. Mukachisiya paipi ili yodzaza, kulemera kwa madzi kumachibweza mwamphamvu, ndipo chili pamsinkhu wa nkhope ya mwana. Pampu yabwino imakhala ndi kachitsulo kotsekera kuti gudumu lisabwerere. Yopanda kachitsulo kameneka musailandire, ngakhale atakuchotserani mtengo.

Kusamala kwake ndi kochepa koma sikufuna kuiwala. Mabushi amene chitsulo cha gudumu chimazungulirapo amafuna madontho angapo a oyilo wa injini watsopano sabata iliyonse. Mafuta ophikira ayi, amamata n'kugwira fumbi. Oyiloyo asakhudze labala la gudumu, chifukwa chingwe chiterereka. Chingwe chatsopano chimatanuka m'masabata oyamba, ndiye chimafuna kufupikitsidwa pang'ono, koma chisakhale chokungika ngati uta, chifukwa chimadya gaidi. Dzuwa limaononga chingwe ndi PVC, choncho chivundikiro cha lata pamwamba pa gudumu si chokongoletsera. Kuno kumene chinyezi ndi nkhungu sizisowa, malo onse owotcherera amafuna penti yoteteza dzimbiri, ndipo miyendo ikhale ya paipi ya galavanaizi. Pakhomo la banja limodzi chingwe chimatha chaka kapena kuposerapo. Pamene pakutunga khamu, miyezi yochepa chatha.

Apa ndi pamene nkhani ya sukulu ikulowa, ndipo tiwerenge pamodzi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza malita 5 patsiku kwa mwana aliyense wa sukulu yoyendera, akumwa ndi osamba m'manja. Sukulu ya ana 800 ifuna malita 4,000. Pachitsime cha mamita 20 amenewo ndi mphindi 200, maola oposa atatu akupukusa osapuma. Koma ana safika mmodzimmodzi tsiku lonse, amabwera onse pa buleki, aliyense akufuna kugwira chogwirira, wina kukoka chingwe, wina kuponya kamwala m'paipi kuti aone chimene chichitike. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, sukulu zathu n'zodzaza, ndipo pampu imene inapangidwira makomo khumi siingapirire zimenezo. Sukulu yotere imafuna mpopi wa Northern Region Water Board ngati mapaipi afika, kapena mjigo wa Afridev, ndi thanki yosungira.

Kudimba la sukulu nkhani imatembenuka. Masamba m'chilimwe amafuna pafupifupi malita 5 pa sikweya mita iliyonse patsiku. Dimba la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi lifuna malita 1,000, amene pachitsime chosazama cha m'mbali mwa dambo ndi theka la ola. Ana asanu osinthana amamaliza asanatope, ndipo mpiru, repu ndi matimati zimapezeka mu Okutobala. Chinanso chimene aphunzitsi a sayansi ndi zaulimi ayenera kuchiona: pampu iyi zonse zili poyera. Mwana amaona ndi maso chifukwa chimene madzi akukwerera, amatha kuyeza malita ndi wotchi, kuwerengera kulemera kwa madzi m'paipi, ndi kusintha chingwe ndi manja ake. Mjigo wotsekedwa ndi mabawuti sungamuphunzitse zimenezo. Mwana amene wamanga mfundo ya washala ali Sitandade 7 ndi amene mawa sadzaopa kukalembetsa ntchito zamanja ku Mzuzu Technical College. Sukulu ingosankha mphunzitsi mmodzi woyang'anira, pakhale loko, ndi botolo la oyilo mu ofesi.

Pakhomo phindu lake kwa mwana wa sukulu ndi nthawi. Madzi akakhala pabwalo, mtsikana sayamba tsiku ndi ulendo wa kudambo ndowa ili pamutu, n'kukafika m'kalasi phunziro loyamba litatha.

Za ukhondo wa madzi tinene mosabisa. Pampu ya chingwe siiyeretsa madzi. Imangoteteza chitsime kuposa chidebe, ndipo ngakhale pamenepo chingwe chimatuluka kunja n'kubwereranso m'madzi, ndiye manja akuda akachigwira, zonse zimatsikira pansi. Chachikulu ndi malo a chitsime. Chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachimbudzi, khola kapena dzala, ndiponso kumtunda kwake, osati kumunsi. M'malokeshoni othinana monga Chibavi, Masasa kapena Mchengautuwa, kumene chimbudzi cha mnzako chili kuseri kwa mpanda, mamita 30 sapezeka, ndipo m'malo otsika madzi apansi ali pafupi kwambiri moti m'dzinja amakumana ndi za m'zimbudzi. Kumeneko madzi a chitsime akhale ochapira, okolopera ndi othirira, akumwa akhale a kumpopi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira chifukwa cha iyo. Kulikonse kumene mukumwa madzi a chitsime chosazama, thirani WaterGuard, kachivundikiro kamodzi m'malita 20, n'kudikira mphindi 30, kapena wiritsani. Komanso mumzinda musangoyamba kukumba: funsani kaye ku khonsolo ndi ku Water Board, chifukwa madzi apansi ali ndi malamulo ake kuchokera mu lamulo la zamadzi la 2013, ndipo dera lofikidwa ndi mipopi lili ndi zoletsa zake. Pampuyi malo ake enieni ndi kunja kwa tauni, cha ku Choma, Lusangazi, Dunduzu ndi njira ya ku Ekwendeni, kumene mapuloti ndi aakulu ndipo si onse amene mpopi wawafika.

Silabu musaiumire. Ikhale yotambalala mamita awiri, yopendekera kunja, ya simenti imodzi, mchenga ziwiri, miyala zitatu, ndipo muithirire masiku asanu ndi awiri isanayambe kupondedwa. Ngalande italike mamita atatu kapena kuposerapo, ikathere m'dzenje la miyala kapena pa nthochi. Silabu ikang'ambika, madzi a pansi pa mapazi amalowa m'chitsime, ndipo ndalama za pampu zapita pachabe. Chitsime chatsopano chikumbidwe mu Okutobala kapena Novembala, madzi atatsikiratu. Chokumbidwa mu Meyi chimanamiza: chimadzaza bwino, kenako n'kuuma nthawi imene dimba likufuna madzi kwambiri. Gaidi isakhale pamatope penipeni, ikwezedwe pang'ono, chifukwa mchenga ukalowa m'paipi umapala mawashala.

Pomaliza kuika, mmisiri asachoke musanachite izi limodzi naye: mupukuse ndowa zisanu mukuyang'ana wotchi, musiye chogwirira kuti muone ngati chotsekera chikugwira, ndipo akuonetseni kumasula ndi kumanga mfundo ya chingwe mpaka mutachita nokha kawiri. Akusiyireni chingwe chapadera chokhala ndi mawashala ake, ndipo pamene mukusintha, mangirirani chatsopano kunsonga ya chakale kuti chikokedwe kudutsa m'gaidi ndi m'paipi, apo ayi mudzazula paipi yonse m'chitsime chifukwa cha chingwe chimodzi.