Kuloweza mayankho kapena kuyeserera? Njira zokonzekera intavyu ya pa risepushoni ya hotela

Akuitanani ku intavyu ya ntchito yolandira alendo pa hotela, ndipo kwangotsala masiku asanu. Nthawi yochepayi muithere pati? Ambiri amagwira imodzi mwa njira zinayi: kuloweza mayankho a pa intaneti, kuyeserera ndi mnzawo, kuifufuza hotelayo, kapena kuphunzira pulogalamu ya pa kompyuta imene mahotela amagwiritsa ntchito. Iliyonse ili ndi phindu lake, koma kulemera kwake n'kosiyana kwambiri.

Kuloweza ndi kumene aliyense amathamangira, chifukwa sikufuna munthu wina ndipo mtima umakhalako pansi. Mafunso ena mudzakumana nawo ndithu: tiuzeni za inu, n'chifukwa chiyani mukufuna kugwira ntchito kuno, munachitapo bwanji ndi kasitomala wokwiya. Pa mafunso ngati amenewa njira yotchedwa STAR imathandiza. Mumanena momwe zinthu zinalili, udindo umene unali pa inu, chimene munachita, kenako zotsatira zake. Nkhani ziwiri kapena zitatu zoona, zoyalidwa chotero, n'zokwanira. Vuto ndi lakuti yankho loloweza limamveka kuti ndi loloweza. Manijala amene wafunsa anthu khumi tsiku limodzi amakhala atamva kale mawu akuti "ndimakonda kucheza ndi anthu" kakhumi konse. Choopsa china, akangokudulani pakati ndi funso lina, ulusi umaduka, inu kukamwa yasa.

Kuyeserera n'kosiyana. Mumapeza mnzanu, iye akhale mlendo, inu muimirire kuseri kwa tebulo ngati pa kauntala. Ndati muimirire, chifukwa ntchitoyi ndi ya chiimire, ndipo mawu amatuluka mwamtundu wina munthu akaima. Njira iyi ndimaiika pamwamba pa zonse pa chifukwa chimodzi: ofunsa ambiri a ntchito imeneyi safuna kumva zimene mungachite, amafuna aone mukuchita. Mwadzidzidzi manijala amasintha nkhope n'kunena kuti, "Tiyerekeze ndine mlendo, ndafika 11 koloko usiku, ndinabukitsa kale, koma mwandiuza kuti chipinda palibe."

Zimenezi zimachitikadi. Mahotela ambiri amalandira mabukingi oposa zipinda zimene ali nazo, powerengera kuti ena sabwera. Tsiku limene onse abwera, moto umayakira pa risepushoni. Woloweza amayamba kufotokoza malamulo a hotela. Woyeserera amadziwa ndondomeko yake: amusiye mlendo alankhule mpaka amalize, apepese osaloza chala wa shifiti yam'mawa, adziwitse manijala amene ali pa ntchito, kenako apeze chipinda cha mulingo womwewo ku hotela ina yapafupi n'kukonza galimoto yomufikitsa kumeneko. Kawirikawiri hotela yolakwayo ndi imene imalipira ulendowo, ndipo nthawi zambiri ndi usiku woyambawo. Kudziwa izi m'mutu ndi kwina, kuzinena modekha munthu akukukalipira ndi kwinanso. Uzani mnzanuyo asakumvereni chisoni, akalipe ndithu.

Yeserereninso tina ting'onoting'ono tomwe timagwetsa anthu. Wina waimba foni, akuti ndi m'bale wake wa mlendo wakutiwakuti ndipo akufuna nambala ya chipinda. Simupereka, ngakhale kuvomera kuti munthuyo ali pa hotelapo mumasamala nako. Mumalandira uthenga basi. Popereka kiyi simutchula nambala ya chipinda mokweza, mumaloza pamene yalembedwa. Wina akuti wataya kiyi, mumayamba mwaona chiphaso chake. Wina wafika 9 koloko m'mawa pamene check-in, nthawi yolowetsa alendo m'zipinda, imayamba 2 kapena 3 koloko masana: simungomuuza kuti nthawi sinakwane, mumamusungira katundu n'kufunsa a housekeeping, okonza zipinda, ngati pali chipinda chimene chakonzedwa kale. Kuipa kwa njira iyi n'kwakuti mnzanu amene sanagonepo ku hotela sadziwa chodandaula, ndiye mumangoseka mpaka nthawi kutha.

Apa ndi pamene njira yachitatu, yoifufuza hotelayo, imalowera, ndipo ine ndimaiona ngati nkhuni za njira yachiwiri. Tsegulani mawebusaiti a Booking.com, kumene alendo amapereka mamalikisi pa 10, ndi Tripadvisor, kumene amapereka pa 5. Werengani ndemanga za miyezi itatu kapena inayi yapitayi, makamaka za anthu okhumudwa. Akale anati mlendo ndi mame, koma mame a masiku ano asanakamuke amasiya ndemanga pa intaneti, ndipo mamanijala amaziwerenga. Mukaona kuti anthu asanu adandaula za mzere wautali pa check-out (potuluka mu hotela) kapena za Wi-Fi yodukaduka, madandaulo amenewo ndiwo mupatse mnzanu uja. Onaninso momwe hotelayo imayankhira ndemangazo, chifukwa kalankhulidwe kameneko ndi kamene akufuna kumva pakamwa panu. Chenjezo lokha: ku intavyu musakawawerengere zolakwa zawo ngati woweruza milandu.

Ena amati bola kupita kukaiona hotelayo ndi maso. Ngati ili pafupi, pitani, mukhale pamalo ofikira alendo mphindi 20. Mudzaona kavalidwe ka ogwira ntchito, moni wawo, ndi mtundu wa alendo, kaya ndi a misonkhano, kaya ndi odzaona malo. Mudzadziwanso kutalika kwa ulendo wanu kuti tsikulo musachedwe. Koma mphindi 20 za masana sizingakuonetseni zimene zimachitika usiku, pamene ndemanga zimakuonetsani. Mukalephera kupita simunataye zambiri. Chosafunika kulephera ndi kudziwa kuchuluka kwa zipinda ndi mitundu yake. Double ndi bedi limodzi lalikulu, twin ndi mabedi awiri osiyana. Kusokoneza ziwirizi pamaso pa manijala n'kudzichotsa nokha pa mndandanda.

Nanga za pulogalamu ya pa kompyuta? Zidziwitso zambiri za mwayi wa ntchito zimatchula Opera, pulogalamu ya kampani ya Oracle. Mahotela ena amagwiritsa ntchito Mews, Cloudbeds kapena Protel. Anthu amachita mantha akaona mayinawa, ena mpaka kufuna kulipira kosi yachangu. Kwa munthu wa masiku asanu, ine ndikuti ayi. Simudziwa ngati pulogalamu imene mwaphunzirayo ndi imene ali nayo, ndipo wolembedwa kumene amaphunzitsidwabe m'masabata oyambirira. Madzulo amodzi oonera mavidiyo pa YouTube akukwanirani kuti mumve chinenero cha ntchitoyi: folio ndi akaunti ya mlendo momwe mumalowa zonse zimene wagwiritsa ntchito, no-show ndi wobukitsa amene sanabwere, pre-authorisation ndi kugwirako ndalama pa khadi la ku banki osazichotsa, night audit ndi kutseka mabuku a tsikulo usiku. Akakufunsani ngati mumaidziwa Opera, musaname. Bodza limeneli limaululika tsiku loyamba lenilenilo, alendo ali pa mzere.

Pali funso limodzi limene njira zonse zinayi sizingakuyankhireni. Risepushoni sitseka, ndipo m'mahotela ambiri mashifiti amakhala atatu: 7 koloko m'mawa mpaka 3 masana, 3 mpaka 11 usiku, 11 mpaka 7 m'mawa. Adzakufunsani za usiku, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Kambiranani ndi a kunyumba musanapite, mudziwe mayendedwe anu a 11 koloko usiku, kuti "inde" wanu akakhale weniweni.

Ndikanakhala ine, masiku asanuwo ndikanawagawa chonchi: loyamba la ndemanga ndi webusaiti ya hotelayo, madzulo ake mavidiyo a pulogalamu, lachiwiri lolemba nkhani zitatu za STAR, mitu yokha osati ziganizo, atatu otsalawo oyeserera, theka la ola tsiku lililonse. Tsiku lina mnzanuyo akuimbireni foni ali m'chipinda china, muyankhe foniyo isanalire katatu, mutchule dzina la hotela ndi lanu. Mudzijambule mawu n'kumvetsera. Koyamba mudzachita manyazi ndi liwiro limene mumalankhulira.