AirPods Pro 2: kuyendetsa nyimbo ndi zala ziwiri foni ili m'chikwama

Anthu ambiri akamagula mahedifoni opanda nthambo amayamba kufunsa za kugunda kwa mabesi ndi kutalika kwa nthawi imene batire limatenga lisanathe. Ine nditagwiritsa ntchito AirPods Pro 2, timahedifoni ta m'khutu ta kampani ya Apple, kwa miyezi isanu ndi itatu, ndaona kuti funso loyenera kukhala patsogolo ndi lina: kodi munthu akakupatsa moni, ungayimitse nyimbo mwachangu motani pamene foni ili m'chikwama? Kwathu kuno moni sayankhidwa ndi kugwedeza mutu kokha, makamaka ngati wakupatsayo ndi wamkulu, ndipo chipangizo chimene chimakuchedwetsa kuyankha chimakuvala chipongwe chimene ulibe.

Ndisanagule izi ndinali ndi timahedifoni tina totsika mtengo timene tinkayendetsedwa pogogoda ndi chala. Mawu ake sanali oipa, koma tinkamva kukhudza kulikonse ngati lamulo. Ndikakonza duku, nyimbo inkaima. Ndikafuna kukankhira kamodzi mkati kuti kasagwe, nyimbo inkadumphira ina. M'mwezi wa Okutobala, thukuta likamatsika m'mbali mwa khutu, tinkachita zofuna zake tokha. Tsiku lina m'mawa, ndikudikira minibasi pa siteji, mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu anaima pafupi nane n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, mwanangu?" Ndinagogoda khutu kuti nyimbo iime, koma chala chinagunda kawiri, ndipo m'malo mwa bata munalowa nyimbo ina yaphokoso kuposa yoyambayo. Pamene ndinkazula timahedifonito n'kunena kuti, "Pepani amayi, ndadzuka bwino, kaya inu?" iwo anali atabwereza kale moni wawo kachiwiri, nkhope itasintha pang'ono.

Apple inasiya njira yogogodayi pa AirPods Pro zoyamba za mu 2019, ndipo za m'badwo wachiwiri, zimene zinatuluka mu Seputembala 2022, zinapitiriza ndi njira yotsina. Pa kamchira ka hedifoni iliyonse pali kamalo kophwatalala, kolowa pang'ono, kamene chala chimakapeza chokha popanda kuyang'ana pa galasi. Ukatsina kamodzi nyimbo imaima kapena kuyambanso, ukatsina kawiri imapita patsogolo, ukatsina katatu imabwerera m'mbuyo, ndipo ukatsina osasiya umasintha pakati pa kutseka phokoso la kunja ndi kulola mawu a kunja kuti alowe. Foni ikamaitana, kutsina kamodzi ndiko kuyankha. Palibe batani lenileni limene limalowa mkati, koma m'khutu mumamveka kaphokoso kakang'ono ngati ka batani, kokutsimikizira kuti lamulo lamveka, ndipo kaphokoso kameneka ndi kamene kamathandiza kuwerenga bwino ngati watsina kawiri kapena katatu.

Ubwino wa njirayi uli pakuti kutsina kumafuna zala ziwiri, chachikulu ndi cholozera, zogwira mbali zonse za kamchira, kotero kuti sikungachitike mwangozi. Duku silitsina, tsitsi silitsina, phewa la munthu amene mwapanikizana naye pa mpando wa minibasi silitsina. Komanso mphamvu ya zala imathera pa kamchirako osati m'khutu, pamene kugogoda kumakankhira hedifoni mkati n'kumveka ngati ng'oma pafupi ndi ubongo. M'miyezi yonseyi nyimbo sinaimepo popanda ine kufuna, ngakhale pamene ndinkayenda m'mvula yowaza kapena kuchapa zovala thukuta lili kamukamu. Ichi chokha ndi chimene chandichititsa kuti ndilembe za chipangizochi, chifukwa ndi chinthu chimene munthu amachigwiritsa ntchito kambirimbiri pa tsiku, kuposa zonse zimene otsatsa malonda amakonda kutchula.

Chatsopano pa m'badwo wachiwiri ndi kukweza ndi kutsitsa mawu, kumene pa zoyamba zija kunkafuna kuti utulutse foni kapena uuze Siri, pulogalamu ya Apple yomvera malamulo a pakamwa. Tsopano umaika chala chachikulu kuseri kwa kamchira, n'kutsetsereza cholozera m'mwamba kapena m'munsi pa kamalo komwe kaja. Pamenepa ndiye pamafunika kuzolowera. Kamchirako ndi kakafupi, kutsetsereza kumodzi kumasuntha mawu ndi sitepe imodzi yokha, choncho ngati ukufuna kutsitsa kwambiri uyenera kubwereza kangapo, ndipo ukapanda kuchirikiza ndi chala chachikulu hedifoni imasuntha m'khutu. Patapita sabata dzanja linazolowera, koma ndikuonabe kuti ukafuna bata lamsanga ndi bwino kungotsina kamodzi kusiyana ndi kulimbana ndi voliyumu.

Ndi bwino kudziwa zimene zimachitika chala chikatsina, chifukwa zimafotokoza zinthu zina zimene anthu amaziyesa vuto la mahedifoni. Nyimbo siikhala m'mahedifoni, imakhala m'foni, ndipo imafika m'khutu kudzera pa Bluetooth mwa njira yotchedwa A2DP. Malamulo a kuima, kuyamba ndi kudumpha amayenda chobwerera, kuchoka ku hedifoni kupita ku foni, mwa njira ina yotchedwa AVRCP. Hedifoni siidziwa ngati ukumvera Spotify, YouTube kapena ulaliki wojambulidwa. Imangotumiza lamulo, ndipo foni ndiyo imalipereka ku pulogalamu imene ili ndi ulamuliro wa mawu pa nthawiyo, kawirikawiri imene inalira komaliza. N'chifukwa chake ukatsegula kanema kwinakwake n'kutsina kuti nyimbo ipitirire, nthawi zina amayambanso ndi kanemayo. N'chifukwa chakenso kutsina katatu nyimbo ili pakati kumangoibwezera poyambira pa mapulogalamu ambiri, osati ku nyimbo yapitayo, ndipo kutsina kawiri pa wailesi ya pa intaneti sikuchita kanthu popeza palibe nyimbo yotsatira yoti udumphireko.

Kwa moni wa akuluakulu, njira yaulemu kwambiri ndi kuchotsa hedifoni imodzi, kuti wolankhulayo aone ndi maso kuti ukumumvera. Pa iPhone, ukachotsa imodzi nyimbo imaima yokha, ukaibwezera m'khutu imapitirira pamene inalekezera. Kuyambira pa iOS 17, pulogalamu yoyendetsa iPhone ya mu 2023, palinso Conversation Awareness, imene imatsitsa nyimbo ukangoyamba kulankhula n'kukweza mawu a munthu amene ali patsogolo pako. Imagwira ntchito bwino pogula tomato pa msika kapena polankhula ndi kondakitala, koma imadzuka ndi mawu ako osati a mnzakoyo, kotero moni woyamba ukhoza kukudutsabe. Ine ndikamayenda pansi m'misewu ya mu Lilongwe ndimasiya mawu a kunja ali otsegula nthawi zonse, chifukwa njinga zamoto za kabaza zimatulukira kumbuyo mosayembekezereka, ndipo kutseka phokoso kwa mahedifoni amenewa ndi kwamphamvu moti hutala ikhoza kumveka ngati ili kutali pamene ili pamsana pako. Kutseka phokoso ndimakusungira mu ofesi ndi paulendo wautali wa pa basi.

Ndinabwerekako kwa masiku angapo mahedifoni akuluakulu ovala kumutu a Sony WH-1000XM4, a mu 2020, kuti ndiyerekeze. Amenewa amayendetsedwa pa chikho cha kumanja: kugogoda kawiri kumayimitsa nyimbo, kutsetsereza chala kutsogolo kapena kumbuyo kumasintha nyimbo, ndipo m'mwamba ndi m'munsi ndi voliyumu. Popeza malo ake ndi aakulu, kukweza mawu ndi kosavuta kuposa pa AirPods, ndipo ukaphimba chikhocho ndi chikhatho nyimbo imatsika pomwepo, mawu a kunja n'kulowa, ukachotsa dzanja imabwerera. Nzeru imeneyi ndinaikonda kwambiri. Batire lake limafika maola 30, koma ndi katundu wa pa desiki ndi wa paulendo, osati woyenda naye padzuwa la masana.

Tsopano za ndalama ndi za foni imene muli nayo, zimene ndi zofunika kuziganizira musanatengeke. Mtengo umene Apple inaika potulutsa AirPods Pro 2 unali madola 249 a ku America, ndipo zikafika kuno ndalamayo imaposa mtengo wa mafoni ambiri amene anthu ali nawo m'manja. Batire limatha maola pafupifupi 6 kutseka phokoso kuli koyatsa, ndipo pamodzi ndi kabokosi kake kotchajira amakwana maola 30, zimene zimathandiza masiku amene magetsi avuta. Kabokosi ka mu 2022 kali ndi polowetsa chaja ya Lightning, pamene ka mu 2023 kali ndi USB-C, kotero funsani kuti mukugula kati. Pa foni ya Android, monga Tecno, Itel kapena Samsung, kutsina konse ndi kutsetsereza chala kumagwira ntchito, popeza AVRCP ndi ya mafoni onse, koma nyimbo siima yokha mukachotsa hedifoni, Siri palibe, ndipo kusintha ntchito ya kutsina osasiya kapena kulandira mapulogalamu atsopano a mahedifoniwo kumafuna chipangizo cha Apple. Amene ali ndi Android amalipira mtengo wonse koma amalandira gawo chabe la zimene walipirira, ndipo ndingamulangize kuti afunefune mahedifoni ena otsina kapena a batani lenileni amene ali ndi pulogalamu yake pa Play Store.

Zachinyengo zofanana ndi AirPods zadzaza m'misika, ndipo zina kunja kwake simungazisiyanitse ndi zenizeni. Kuyambira pa iOS 16, iPhone imatha kuchenjeza ikalephera kutsimikizira kuti AirPods ndi zenizeni, koma musadalire chenjezo lokhalo. Musanapereke ndalama, zivaleni pomwepo pamaso pa wogulitsa, tsinani kamodzi, kawiri ndi katatu, tsetserezani chala m'mwamba ndi m'munsi, kenako tsinani osasiya mumve ngati phokoso la msika likuzimiririkadi. Pomaliza, ngati foni yanu ndi iPhone, chotsani imodzi m'khutu nyimbo ikulira, muone ngati iima.